Machesi kuseri kwa wailesi ya bambo

Bambo atadwala sitiroko, tinakawatenga kumudzi kuti tizikhala nawo ku Area 25. Zovala anabwera nazo zochepa, koma chiwailesi chawo chakalekale, cholemera ngati thumba la simenti, ndi masipika ake awiri amatabwa, anakanitsitsa kuzisiya.

Kuseri kwake kunali timabowo tinayi tolowetsamo mawaya a masipika. Tizitsulo take topanira tinathyoka ine ndisanakwatiwe n'komwe, ndiye bambo ankalowetsa waya n'kukhomerera kamtengo ka machesi kuti ugwire. Dzanja lawo lamanja litafooka, ntchito imeneyi inagwera ine. Mawayawo sankachedwa kuzuka. Kungomenyetsa chitseko, kaya kukankha kabati pokolopa, basi, sipika zii.

"Mama, usende bwino. Upote tinsambo tonse pamodzi, pasatsale kotulukira pambali. Wofiira pofiira."

Ankanena mawu omwewo ulendo uliwonse, lilime likulemera, ine nditagwada m'fumbi, msana ukuwawa ndi kuimirira tsiku lonse kuntchito ku Kanengo. Ndinkatopa nazo, ndisaname. Kuwachapira ndine, kuwadyetsa ndine, ndiye ndikhalenso mmisiri wa wailesi? Koma kutchalitchi sankathanso kupita. Mapemphero a pawailesi ndi okhawo amene anawatsalira.

Lamulungu lina ndinachedwa, anzanga a kwaya akundidikira pamsewu, waya n'kuzukanso. Ndinausenda ndi mano, osapota, n'kuukankhira momwemo ndi machesi awiri.

"Sunapote, mama."

"Bambo, ndatopa nayo wailesi yanuyi. Tsiku lililonse waya, waya. Manja anga ndi awiri okhawa."

Nditayatsa, kunamveka kaphokoso, kenako fungo la pulasitiki yopserera. Kansambo kamodzi kanali katakhudza waya winawo. Mbali yakumanzere inafera pomwepo, ndipo mmisiri wa kumsika anati zipangizo zake sizipezekanso. Bambo sanandikalipire. Anangopempha kuti ndiwasunthire mpando pafupi ndi sipika yotsalayo. Ndinachita manyazi, koma pepani sanatuluke pakamwa panga.

Patapita milungu ingapo, ndinabwera kuchokera kutchalitchi n'kupeza m'nyumba muli chete. Bambo anali pampando paja atavala jekete ndi tayi, buku la nyimbo lili pamiyendo. Kagetsi ka wailesi kankayaka, waya uli lende kuseri kwa kabati.

"Wazuka nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Usanatuluke," anatero. "Ndinaona kuti watopa."