Mawu a pa boti la bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene bambo anagamula kuti sukulu yandikana. Ndinali nditabwereza Sitandade 1, koma buku ndinkangoliimba pamtima. Munthu akaphimba chithunzi, basi ine kakasi. Bambo anati mpunga ukayamba kucha kusikimu ya Likangala ndizikaingitsa mbalame, yunifolomu ipite kwa mng'ono wanga.

Mayi, amene anaphunzirako sukulu ya kwacha, sanatsutse. Anangoyamba kundiitana akamayanika ufa pamphasa. Ankalemba chilembo ndi chala paufapo, n'kunena kuti, "Dzina lake usanditchulire, undiuze mmene chimalirira." Ine ndinkangoti mmm, aaa, mpaka ziwirizo zitagwirana n'kukhala ma. Akasalaza ndi chikhatho, tinkayambanso china.

Bambo atatipeza tsiku lina anapsa mtima. "Amake Esinati, kumeneku ndi kuwerenga kapena mwanayu akubuula?"

Ngala za mpunga zitayamba kuwerama, Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, bambo anatitengera kudooko. Boti lawo la matabwa analigula kalekale kwa munthu wa kuchilumba cha Chisi, ndipo kutsogolo kwake kunali mawu a penti yofiira.

"Werenga apa," anatero bambo. "Ukalephera, mawa kumbalame."

Asodzi anasiya kusoka maukonde. Fungo la matemba owamba linali ponseponse. Ndinali ndi mantha oopsa, chifukwa panalibe chithunzi choti ndionerepo. Ndinaika chala pathabwa lotentha.

"Ti... pi..."

Pa chilembo chotsatira penti inali itasupuka, ndipo ndinaima. Wina anaseka. Ndinacheukira mayi, koma iwo anangoyang'ana kumadzi, ndipo ndinawakwiyira kwambiri mumtima. Ndinalondola ndi chala mmene munadutsa penti ngati mmene tinkachitira paufa.

"Ri... re. Tipirire."

Bambo sanandiyang'ane ine, anayang'ana mayi. "Ndi zomwezo?"

"Ndi zomwezo, abambo ake."

Bambo anasisita thabwa lija kwa nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Tawerenganso, mwanawe."

Chaka chimenecho bambo anakaingitsa okha mbalame. Nthawi imeneyo ndinkati anasankha botilo kuti andichititse manyazi pagulu. Lero ndikudziwa kuti analipalasa zaka zonsezo osadziwa chimene limanena, ndipo kufunsa anzawo padooko kunali kowawa kuposa kudikira mwana wawo.