Beseni Lofiira m'Mphanda ya Mango

Titamanga nyumba m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, pafupi nafe pankakhala agogo ena ojambula. Kale ankajambula mapiri ndi madambo pamakoma a malo omwera tiyi ku Balaka, koma maso atayamba kuchita nkhungu anabwerera kumudzi, n'kumajambula pazidutswa za matabwa. Anali Msilamu, ndipo munthu kapena chiweto sankajambula iyayi, malo okha basi. Asanajambule malo, ankatapa dothi la pomwepo n'kusakaniza ndi penti.

Ndinkawapatsira phala m'mawa. Tsiku lina anabwera ndi ndodo yawo, anatapa dothi pabwalo pathu, n'kulinunkhiza.

Kenako anandibweretsera thabwa limene anajambulapo malo athu. Mtengo wathu wa mango ndinauzindikira, koma nyumba panalibe. Ponseponse madzi akuda mpaka m'mphanda ya mtengo, ndipo m'mphandamo munali kanthu kofiira.

"Agogo, nyumba yanga ili kuti? Ana anga azigona pati?"

"Mwananga, ine ndangotsatira dzanja."

"Nanga chofiirachi?"

"Kaya. Penti wofiira anali atatha, ndachita kupala m'chitini."

Abambo a ana anaseka. "Munthu woti mbale ya phala amachita kufufuza ndi manja, ndiye aone madzi amene sanabwere?"

Ine kuseka kunandikanika. Kunali dzuwa la Okutobala, nthaka ili gwaa, koma thabwalo linkanunkha matope. Ndinayang'ana khanda langa likugona pamphasa. Ndinapemphera, kenako ndinawaumiriza abambowo mpaka tinaumba njerwa kumtunda, pamalo a amalume. Ankaumba akung'ung'udza, koma Mulungu awadalitse, anaumba.

Agogo aja anamwalira mvula isanagwe. Ife tinasamuka.

Mtsinje unasefukira masana, tikuona. Tinaima kumtunda, ana onse atandigwira chitenje. Nyumba yakale inangoti khwefu, n'kusungunuka. Panatsala mtengo wokha, madzi akuda mpaka m'mphanda. Mwana wanga wamkulu analoza m'mphandamo.

"Amayi, si beseni lathu lija?"

Linali lomwelo, lofiira, losambitsiramo khanda, limene ndinaliiwala kuseri kwa bafa.

Thabwalo lilipo kuseri kwa chitseko, loyang'ana kukhoma. Sindilitembenuza kawirikawiri. Koma ndikagwada kuthokoza kuti ana anga onse anakula, agogo aja ndimawatchula, ngakhale tinkapemphera kosiyana.