Kaseti ya Nankhoma

Zija mukumva pamsika wa ku Ntchisi, zoti Dokotala Tabita Simoni anagulitsa mawu a malemu Nankhoma kwa azungu, ndi bodza lamkunkhuniza. Akanagulitsa, bwenzi akukwerabe matola?

A Tabita ndi a ku Mvera, mwana wa msilikali. Anaphunzira mpaka kunja, n'kubwerako ndi udokotala wosabaya jakisoni, wofufuza mbiri ya mabanja a asilikali. Zipani zitachuluka, anthu atasiya kuopa wailesi yojambulira mawu, anayamba kuyendera midzi. Poyamba analakwitsa: ankafunsa amayi amuna awo ali pomwepo. Bambo ankasimba za nkhondo ya ku Burma mpaka dzuwa kupendeka, mayi n'kungoti, "Ndi momwemo." Ndiye a Tabita anamanga chitenje n'kukasoka nawo fodya m'chigafa. Kumeneko ndiye amayi anamasuka.

Nankhoma, wamasiye wa sajeni Obadiya, anayankhula ali chiweramire.

"Jambula, mwanangu. Samueli wanga anabadwa bambo atatha zaka zitatu kunkhondo osabwerako. Atabwera anamuyang'ana, kumunyamula, kumugulira malaya. Mpaka kumanda sanandifunse. Samueliyo sadziwa, ndipo asadziwe. Ulembe kuti kunali mwamuna wotere, koma dzina ayi."

A Tabita analemba, mayina anabisa. Akuluakulu a kuyunivesite anayamikira, nati ukapulofesa uli pafupi, bola kaseti ikasungidwe kulaibulale, wofuna umboni azikamvera yekha. A Tabita ankangozengereza.

Nankhoma anatisiya dzinja la 1996. Nthawi yomanga chiliza itakwana, a Samueli, mkulu wa mpingo wa imvi zake, anafika chipewa chili m'manja.

"Adokotala, mutibwereke kaseti ija. Tikaika pa zokuzira mawu, mudzi wonse uwamvenso amayi."

"Kaseti ija palibe, bambo."

"Palibe bwanji? Yadyedwa ndi chiswe? Mawu a amayi anga mwapita nawo kuti?"

A Samueli anavala chipewa n'kuchoka osatsanzika, ndipo pofika Lachisanu msika wonse unkadziwa ndi dzina la mzungu wogulayo.

Ukapulofesa unapita kwa wina. A Tabita akuphunzitsabe, koma kumudzi kwa Obadiya saapatsa ndi moni womwe, ndipo iwo sanadzikanirepo.

Choona n'chakuti a Tabita anaiponya pamoto kasetiyo tsiku lomwe anadzaipempha lija, kuti a Samueli adzafe ali mwana wa Obadiya.