Mankhwala Osalaza Khungu Omwe Ndinagula ku Kabwata

Zinayamba ndi kutentha kwa zikhato ndi mapazi, ngati ndaponda phulusa lamoto. Inali nyengo yachilimwe, masiku a Chitaganya, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndinkachapa zovala kwa mzungu wina ku Woodlands, choncho ndinaganiza kuti ndi sopo.

Koma kwa miyezi iwiri ndinali ndikumwa supuni imodzi m'mawa uliwonse ya mankhwala a m'botolo omwe ndinagula kwa bambo wina pamsika wa Kabwata. Ankati amawonjezera magazi ndi kufafaniza makwinya. Ndinkamwa mobisa, chifukwa amuna anga, a Saidi, anali atayamba kunditcha nkhalamba pamaso pa ana.

Patatha sabata ndinayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Khungu linada mawangamawanga, miyendo n'kumanjenjemera. Kuchipatala sindinapite, manyazi anandigwira.

Patatha masabata ena awiri, Loweruka masana, a Saidi anapeza botololo kuseri kwa kabati. Anati ndi mankhwala a kondaine omwe ndimawathirira m'ndiwo. Anandikokera panja atagwira tsitsi, nandimenya ndi pampu ya njinga mpaka inapindika. Nditagwa anandiponda m'nthiti, ndipo ndinasanza magazi pansapato zawo. Ba Chanda, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana, ndiwo anadzagona pamwamba panga kunditchinga.

"Ba Saidi, mufuna kupaya munthu? Simuona kuti adwala?" anakuwa.

Ba Chanda anandikweza lole ya makala kupita kuchipatala cha anthu akuda, botolo atalimanga pachitenje. Tinadikira pabenchi ya pakhonde kufikira dzuwa litapendeka. Nthiti ziwiri zinapezeka zothyoka. Patsiku lachitatu dokotala anabwera ndi zotsatira, namwino akumasulira.

"Amai, munkamwa poizoni wonga wa dipi yophera nkhupakupa za ng'ombe. Mukanamaliza botolo lija, tikanakuikani m'manda."

Ndinagona m'wodi masabata asanu ndi limodzi. Jakisoni ankabwera kangapo patsiku, wotentha ngati wathiridwa tsabola, ndipo ndinkaluma nsalu kuti ndisakuwe. Khungu la m'manja linasendeka, tsitsi linathothoka. Chakudya chinali phala, mkaka ndi dzira. Kuyenda ndinaphunziranso ngati mwana, ndikugwira mabedi a anzanga.

A Saidi anabwera kamodzi ndi malalanje. Ndinatembenukira kukhoma mpaka anachoka. Nditatuluka ndinakakhala kwa achimwene anga, ndipo kubanjako sindinabwererenso. Wogulitsa uja sanaonekenso pamsika.

Lero ndimakhala ku Chelstone ndi mwana wanga wamkazi. Ndakalamba ndithu, makwinya ali tho, koma ndimalima masamba kuseri kwa nyumba ndi kudziphikira ndekha. Kukazizira, mapazi amachita dzanzi ndipo nthiti zimawawa.

Chilichonse chomwe mwauzidwa kuti chibweza utsikana, kayambeni mwaonetsa a chipatala musanameze. Thupi likasintha, pitani tsiku lomwelo, ndipo kanenani zonse zomwe mwamwa. Ine ndinabisa matenda anga masabata atatu, ndipo ndinafika kumeneko atandinyamula.