Mlongo wanga akuphunzira kukhala pansi

Lamlungu lapitali mlongo wanga Esinati anandiitanira kunyumba kwake ku Cosmo City. Akuti, "Achimwene, bwerani mudzandiphunzitse kukhala pansi." Ndinaseka. Mayi wamkulu wa ana atatu, kukhala pansi?

Esinati analowa chaka chino mu bodi ya kampani ina yolongedza zakudya kuno ku Joni. Amuna asanu ndi awiri, mkazi iye yekha. Pa msonkhano wa mwezi watha panali nkhani yochotsa basi imene imanyamula antchito, ambiri mwa iwo amayi a ku Berea ndi ku Cosmo komweko. Anapita atakonzeka kukana, mfundo zake zili papepala. Nkhani ili mkati, tiyi analowa. Miyendo yake inangodzuka yokha. Pamene ankafunsa bwana wina kuti shuga masupuni angati, wapampando anati, "Palibe wotsutsa? Tipitirire."

"Palibe anandituma, achimwene," anatero. "Chikundiwawa ndi chimenecho."

Kuseka kunandithera, ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri.

Timanyadira kuti amayi akulowa m'mabodi, makampani nawo amajambulitsa zithunzi kuti tione. Koma mwana wamkazi tinamulera bwanji? Mlendo akalowa, dzuka. Abambo akayamba nkhani, kaone madzi pamoto. Esinati ankakalipiridwa akachedwa ndi madzi osamba m'manja, ine ndili khale pampando, manja ndatambasula kale. Ndiye lero tidabwe chiyani?

Ulemu si woipa ayi. Koma mwa amuna asanu ndi awiri aja, panalibe ndi mmodzi yemwe woti anene kuti dikirani, mnzathu akhale kaye?

Esinati walimbana nawo mpaka avomera kuti nkhani ya basi ibwerenso Lachisanu. Akakadzukanso, amayi aja ayamba kulimbirana mateksi m'mawa uliwonse, ochedwa n'kumachotsedwa ntchito.

Choncho tinayeserera. Ine wapampando, iye wotsutsa. Ali pakati pa mfundo yachiwiri, ketulo inawira kukhitchini. Ndinamuona akugwira mpando ndi manja onse awiri, koma mawu sanadule.

Ndinadzuka ndine. Ndinatsegula kabati yoyamba, mbale. Yachiwiri, mpunga ndi mafuta. Zaka zisanu ndakhala ndikumwa tiyi m'nyumba imeneyi, koma pokhala makapu sindipadziwa. Manyazi anandigwira.

Kumbuyo kwanga ndinamva mpando ukusuntha.

"Khala pansi, Esinati," ndinatero. "Pitiriza mfundo yako. Makapu ndiwapeza."