Munthu Mmodzi, Mipando Iwiri

Foni yanga sinakhalepo yanga ndekha. Kuyambira tsiku limene mwana wanga ananditumizira kuchokera kukoleji, foni yaikulu ija yosisita ndi chala inasanduka ya mudzi wonse. Kuno kwathu, pafupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, ambiri ali ndi timafoni tamabatani, tongoimbira ndi kuwunikira pofuna nsapato pansi pa bedi. Wofuna kuona chithunzi cha mdzukulu wake wa ku Joni amabwera kwa ine. Wofuna kudziwa ngati mwana wake wakhoza mayeso amabweranso kwa ine. Sindikana. Ukakaniza foni lero, mawa mchere ukapempha kwa yani?

Mwana wangayo ndi wamwamuna, ndipo ankaphunzira unamwino mumzinda. Bambo ake anapita ku Dwangwa kukadula nzimbe iye ali wakhanda, ndipo zikuoneka kuti nzimbezo akudulabe, chifukwa sanabwerenso. Amene analera mwanayu ndi achimwene anga, atsibweni ake. Dzinja madzi akasefukira m'dambo la mpunga, iwo ndiwo ankamubereka kumsana kumuwolotsa kuti asajombe kusukulu, kenako n'kubwerera kukakonza maukonde buluku lili lonyowa. Chaka chimene mwanayo ankatsiriza maphunziro, maso a achimwene anali atayamba ng'ala. Munthu ankamuzindikira akayandikira, koma wapatali ankangomuona ngati chitsa choyenda. Chimene ankanena kawirikawiri chinali chimodzi: "Ndisanachitiretu khungu, ndimuone atavala mkanjo uja."

Tsiku lina mwanayo anaimba kutiuza za mwambo wolandira masatifiketi. Anati chaka chino aliyense wofuna kulowa m'holo asungitsiretu mpando pa intaneti, ndipo lamulo lake n'lakuti munthu mmodzi, mipando iwiri basi.

"Iwiri?" ndinatero. "Nanga ine, atsibweni ako, amayi ako aang'ono, azakhali ako a ku Nkhunga, tonsefe pa mipando iwiri? Tikanyamulana pamiyendo ngati m'minibasi?"

"Amayi, chaka chatha ena anasungitsa mipando ya mudzi wonse, makolo a anzawo n'kukhala panja. N'chifukwa chake aika malire."

Ndinakwiya, koma mumtima ndinadziwa kuti akanandilekerera, inenso ndikanapita ndi lole yodzaza anthu ndi ng'oma zomwe. Tinagwirizana kuti mipando iwiriyo ikhala yanga ndi ya achimwene. Iwo atamva anatulutsa jekete lawo la kuukwati ndi kumaliro, n'kubwera nalo kuti ndilichape ndi kulisita, ngakhale tsikulo linali likadali kutali.

Woyandikana nane nyumba ndi mayi wachisilamu amene timaanika naye usipa pathandala limodzi. Mwana wake wamkazi anali kalasi imodzi ndi wanga. M'mawa umene anatsegula zosungitsa mipandozo, ndisanayambe n'komwe, mnzangayo anatulukira pakhomo.

"Odi kuno! Achemwali, mwana uja wanena kuti zayamba lero. Ife kafoni kathu mukukadziwa. Tithandizeniko, ine ndi bambo akunyumba."

Kwathu kuno mlendo ndiye amayamba kusamba m'manja. Sungakhale ndi munthu pamphasa iwe n'kumayamba zako, iye akukuyang'ana. Ndinati tiyambe zawo. Foni inafunsa nambala, ndinalemba yanga, poti ndiyo inali m'manja mwanga. Panabwera uthenga wa timanambala tachinsinsi, ndinatilemba. Inafunsa mipando ingati, ndinati iwiri. Kenako panatuluka kachithunzi ka timadontho takuda tothithikana ngati nyerere pa shuga, ndipo pansi pake analemba kuti tikaonetse kameneko pachipata. Mnzanga analulutira, ine n'kumadzimva ngati kalaliki wa kwa DC.

Atachoka ndinayamba zanga. Nambala, timanambala tachinsinsi, mipando iwiri. Panatuluka mawu ofiira. Chingerezi changa ndi cha Fomu 2, koma ndinamva: mwafika pa malire, mwatenga kale mipando yanu iwiri.

Ndatenga liti? Ine ndinali ndisanatenge mpando ngakhale umodzi. Amene anatenga ndi mnzanga, ndipo anali atapita kwawo, ndikumumva akutsuka mbale kuseri kwa mpanda. Ndinayesanso, mawu ofiira omwewo. Ndinayamba kuiyankhula foniyo ngati ili ndi makutu: "Iwe, uja anali munthu wina, uyu ndine!" Ndinaizimitsa, kuiyatsanso. Ndinapita nayo pansi pa mtengo wa mango pamene netiweki imagwira bwino, poganiza kuti mwina sinandizindikire chifukwa cha netiweki. Palibe chinasintha.

Mwana wanga sankapezeka pafoni, anali m'mawodi kuchipatala kumene ankaphunzirira ntchito. Ndiye ndinaganiza ndekha, ndipo apa ndi pamene mutu wanga unanditengera kutchire. Poyamba ndinati malire amenewa ali ngati bandulo: yatha lero, mawa ibweranso. Ndinagona, kutacha ndinayesa, mawu ofiira. Ndiye ndinati ayi, vuto ndi foniyi, makinawo aiona kale nkhope, pafunika foni ina yaikulu. Ndinayamba kuyenda kufunafuna foni yosisita. Ya aphunzitsi aakulu inali itagwera m'madzi. Ya mayi wa golosale inali yopanda bandulo, ndipo mwiniwake anali wopanda chidwi. Pomaliza ndinakwera kabaza kupita kwa msuweni wanga ku Mwadzama. Kumeneko foni inalola bwinobwino nambala yake, mtima wanga n'kukhala pansi, kenako inatulutsa mawu ena, osafiira koma oipa koposa: mipando yonse yatha. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma ine sindinazengereze, ndinathamanga ndithu, kungoti ndinkathamangira kolakwika.

Mwana wanga ataimba ndinamufotokozera zonse.

"Amayi, makinawo sawerenga foni, amawerenga nambala. Mukanangolemba nambala ya kafoni ka atsibweni pafoni yanu yomweyo, uthenga ukanapita kwa iwo, basi zikanatheka."

"Ndiye ukundiuza kuti munthu ndi nambala?"

"Kwa makinawo, inde."

"Nanga nambala yangayi si unalembetsa ndi chitupa chako iwe? Ndiye munthu amene watenga mipandoyo ndi ine, ndi iwe, kapena ndi mayi wa kuseri kwa mpandayu?"

"Amayi, musandizunguze mutu."

"Wanga wazungulira kale, wako ukuusungira chiyani?"

Anaseka, koma kuseka kwa munthu amene akufuna kulira. Anati ayesa kufunsa ku ofesi, ndipo atafunsa anamuyankha mwaulemu kuti holo ndi yomweyo, singakule.

Achimwene sindinawauze msanga. Ankabwera madzulo aliwonse kudzafunsa ngati jekete ndasita, ine n'kumanamizira makala. Tsiku limene ndinawauza, ndinafotokoza za nambala, za malire, za mawu ofiira, ndipo ndikufotokoza ndinaona kuti ngakhale ineyo sindikumva zimene ndikunena. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mipando yathu atenga ndani?"

"Akuti ndatenga ndine."

"Ili kuti?"

"Ili m'fonimu, koma si yathu."

Anayang'ana foniyo nthawi yaitali ndi maso awo otuwawo. Kenako anati, "Chabwino, mlongo wanga," n'kufunsa ngati mbalame zayamba kuvuta kumpunga. Ponyamuka anatenga jekete lawo losasita n'kulipinda pamkono. Akanandikalipira zikanandipepukira. Zinandipweteka kwambiri, moti atangokhota pa mpanda ndinakhala pansi n'kulira.

Mkwiyo unasowa kopita, ndiye unagwera mnzanga uja, ngakhale sanalakwe kanthu. Pathandala ndinkayankha moni wake ndi mphuno. Mumtima ndinkangoti chifundo chinapha nkhwali. Kumuuza kuti abweze mipando sindikanatha, chifukwa mwana wake nayenso ndi mwana, ndipo chimene wapereka ndi manja awiri sulanda ndi dzanja limodzi. Koma mudzi wathu subisa nkhani. Lachisanu lina atachokera kumapemphero a Juma kumzikiti, mnzangayo anabwera ndi amuna ake, bambo wamtali wosayankhulayankhula amene moyo wake wonse wathera pa bwato.

"Achemwali, n'chifukwa chiyani simunanene?" anatero mnzangayo. "Wallahi, ife timayesa mwatenga yanu. Tamva kwa anthu ngati alendo."

Ndinayamba zoti palibe vuto, koma bambowo anandidula.

"Mayi, mipando ndi iwiri, ana ndi awiri. Nyumba iyi umodzi, nyumba iyo umodzi. Ine ndikaima panja, kuima ndinazolowera m'bwato. Inshallah mwana ndikamuona akamatuluka."

Manyazi ndi chimwemwe zinandigwira pamodzi. Mpando umodziwo sindinafunikire kuganiza kuti ukhala wa yani. Ine maso anga ndi abwino, mwanayo ndidzamuona zaka zonse zimene Mulungu andipatse. Madzulo omwewo ndinapita kwa achimwene kukatenga jekete lija n'kuwauza kuti mpandowo ndi wawo. Anakana, ndinaumirira, anakananso, ndiye ndinawauza kuti makina alemba kale iwo ndipo makina satsutsidwa. Limeneli linali bodza, koma pa nthawiyo ndinali nditaphunzira kuti ukatchula makina anthu amangoti chabwino.

Tsikulo tinapita anayi. Pachipata panali bambo wa yunifolomu ndi kamakina kowunikira mafoni. Ndinaonetsa kachithunzi ka nyerere kaja, kamakinako kanalira.

"Mwini foni ndani?"

"Ndine."

"Lowani ndi mnzanu mmodzi."

"Ayi, olowa ndi awa awiri."

"Mayi, wolowa ndi mwini foni ndi mnzake. M'katimo akafunanso kuona kachithunzika. Ndiye mwini foni ndani?"

Ndinaona zonse zikuyambiranso. Anthu kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Ndinatenga foniyo, ndinaiika m'dzanja la achimwene, n'kupinda zala zawo pamwamba pake.

"Ndi awa."

Bamboyo anandiyang'ana, anayang'ana achimwene, anakweza mapewa n'kuwatsegulira. Ndiye kuti pa mphindi imeneyo achimwene anasanduka ine, ine n'kusanduka sindikudziwa ndani. Ndinangokwanitsa kuwakuwira kuti dzina la mwana likatchulidwa adine kofiira n'kuloza foni kutsogolo, monga tinayeserera m'minibasi.

Panja tinali ambiri, pansi pa mitengo, pafupi ndi chokuzira mawu chimene anapachika pa khoma. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandipatsa botolo la madzi n'kunena kuti, "Apatseniko amuna anuwo, aima nthawi yaitali." Ndinati ndifotokoze kuti awa si amuna anga, akazi awo ali m'katimo ndi achimwene anga amene pakali pano ndi ine, koma ndinaona kuti nkhaniyo ilibe poyambira. Ndinangolandira madziwo n'kuwapatsa. Pambuyo pake ndinamva kuti m'katimonso wolandira alendo anawauza awiriwo kuti, "Bambo ndi mayi, khalani apa," iwo n'kukhala osatsutsa.

Dzina la mwana wa anzanga litamveka, bambo aja anangotseka maso n'kunena kuti Alhamdulillah. La wanga litamveka ndinalulutira mpaka kukhosi kunauma, ndikuyang'ana khoma la njerwa. Nsanje inandigwira pang'ono, sindibisa. Ndinkafuna kukhala m'katimo.

Pobwerera m'minibasi ndinatsegula foni kuti ndione zimene achimwene anajambula. Kofiira anadina ndithu. Koma kanemayo akuonetsa denga la holo ndi chopemerera mphepo chikuzungulira, kenako bondo la buluku lawo, kenako mdima wa chikhato. Mwana wanga mulibemo ngakhale khutu. Ndinatsala pang'ono kuwakalipira, koma ndinamva mawu, ndiye ndinaika foniyo pakhutu.

Mukumveka dzina likutchulidwa, anthu akuwomba m'manja, kenako achimwene akufunsa mwamantha, "Ndi uti? Mayi, ndi uti?" Mnzanga akuyankha, "Uyo wamtaliyo, akukwera masitepe, dikirani atembenuka." Kenako phokoso lokhalokha. Zikuoneka kuti mwanayo potsika sanabwerere kumpando wake, anadzera mumpata wa pakati mpaka pamene panali atsibweni ake, chifukwa mawu ake akumveka pafupi kwambiri: "Atsibweni, ndine." Ndiyeno achimwene: "Ndakuona. Ndi chisoti chomwe. Ndakuona, mwana wanga."

Maso awo anatsekeratu chaka chotsatira. Za nambala ndi munthu sindinazimvetsebe mpaka lero, ndipo wina akabwera kuti ndimusungitsire malo pa chilichonse ndimayamba ndamufunsa kuti kodi lero iyeyo akhala ndani, ine ndikhala ndani. Pa anthu obwereka foni yanga anawonjezekapo mmodzi. Amabwera ndi ndodo yake, kukhala pakhonde, n'kunena kuti, "Mlongo wanga, tandiikira kanema uja ndionere." Ndimawaikira denga lija ndi bondo lija, iwo n'kugwira foniyo ndi manja awiri, nkhope itaweramira pagalasi. Akafika poti "ndakuona" amagwedeza mutu, n'kundiuza mtundu wa mkanjowo ndi mmene chisoti chinapendekera, poti ine panja paja sindinaone.