Mzere Wodutsa Pakati pa Manda

Ndinapita kudera la Nsaru chifukwa cha kafukufuku. Ndinkamaliza maphunziro a zamakompyuta, ndipo ndinkafuna kudziwa ngati timabokosi ta wailesi, tokhomedwa pamadenga m'midzi yopanda magetsi, tingamapatsirane mauthenga popanda munthu wotiuza njira. Bokosi lililonse linali ndi sola yake ndi batire. Linkafunsa anzake oyandikana nalo ngati alipo, n'kusankha kodutsitsa uthenga. Limodzi likafa, enawo ankafuna okha njira ina.

Kumeneko ndi komwe ndinakwatira. Mkazi wanga anali mphunzitsi wa pulaimale, mwana wa mkulu wa mpingo. Ndinalowa chikamwini, tinamanga kanyumba ka malata pamalo a amayi ake.

Pakati pa sukulu yake ndi chipatala chaching'ono cha kutsidya pali manda a mudziwo. M'dera lonselo mitengo inathera m'zigafa za fodya, koma ya kumanda palibe amaikhudza, ndipo masamba akachuluka amameza mphamvu ya wailesi. Bokosi la kusukulu ndi la kuchipatala sankamvana. Nyumba yathu inali chapambali, poonekera mbali zonse ziwiri, choncho ndinakhoma lachitatu padenga lathu. Uthenga uliwonse wa anamwino wopita kuchipatala chachikulu cha Kabudula unkadutsa pamwamba pa chipinda chathu, kenako kusukulu, n'kupitirira. Mkazi wanga ankandiseka kuti anakwatiwa ndi mlonda wa mphepo.

Anamwalira m'dzinja atadwala kanthawi kochepa. Mwana tinalibe. Za matendawo sindilemba.

Anthu atamaliza kukolola, amalume ake, omwe ndiwo mwinimbumba, anandiitana. Anayankhula mofatsa. Anati ndinawasungira bwino mwana wawo, koma nthawi yondisudzula yakwana, ndikadali wamng'ono, ndibwerere kwathu ndikayambe moyo wina. Nyumba aitseka. Bokosi lija ndilitsitse, chifukwa kanyali kake kobiriwira kamaphethira padenga la malemu, ndipo apongozi anga akakaona amasiya chomwe akuchita n'kukhala pansi. Ana a sukulu nawo anali atayamba kulambalala njira imeneyo.

Mkamwini wosudzulidwa safikafika pamudzi popanda chifukwa, ndipo kumanda munthu salowako yekha. Bokosilo likanatsala, ndikanakhala ndi chobwerera: kupukuta sola, kuyesa batire, kukhala pang'ono pakhonde moyang'ana mitengo ija. Ndinawauza amalumewo kuti popanda ilo chipatala chidulidwa. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Iwo anati ndiwaonetse, si iwo munthu wokaniza odwala thandizo.

Chiikire maliro ndinali ndisanatsegule laputopu. Kutacha titakambirana zija ndinaitsegula pakhonde, amalume atakhala pampando pambali panga. Chithunzi cha netiweki chinali chosavuta: madontho atatu ndi mizere yowalumikiza. Dontho la nyumba yathu linali lamoyo, koma mizere yake inali yotuwa, yosayendamo kanthu. Mzere wakuda unachoka kuchipatala kulunjika kusukulu, kudutsa pakati penipeni pa manda.

Ndinayang'ana m'mbuyo kuti zinayamba liti. Linali tsiku la maliro, m'mawa, mwambo wa kutchalitchi usanayambe.

"Kodi mwaona chiyani, akamwini?" anafunsa amalume. "Nkhope yasinthatu."

"Mauthenga sakudutsanso pano."

"Nanga akudutsa kuti?"

Ndinaloza ndi chala. Anayang'ana kumitengoko, kenako anatsitsa maso.

Ndinaganiza kuti makina asokonezeka. Ndinazimitsa mabokosi onse n'kuyatsanso. Anafunsana, anayesa nyumba yathu, anaisiya, n'kubwerera ku mzere womwewo. Ndinatumiza uthenga woyesera kuchipatala. Yankho linabwera msanga kuposa mmene linkabwerera nthawi zonse.

Tinayenda limodzi mpaka kusukulu. Ndinakwera makwerero a thanki ya madzi pomwe panali bokosi. M'kalasi yomwe inali ya mkazi wanga ana ankabwereza mawu mokweza, motsatira liwu la mphunzitsi wina. Ndinaika mutu pafupi ndi bokosilo n'kuyang'ana komwe linkayang'ana. Pakati pa mitengo yothithikana panali kampata kakang'ono ngati windo, ndipo mkati mwake munkanyezimira malata a chipatala.

Nditatsika ndinawafotokozera. Iwo anati adzukulu, pokumba manda m'mawa umenewo, anapeza nthambi yaikulu ya mkuyu itawerama pamalopo, ndipo anaidula kuti bokosi la maliro lidutse bwino. Mtengo wa kumanda umadulidwa tsiku la maliro lokha.

"Pansi pa kampatako ndi pomwe agona akazi anu," anatero.

Pobwerera tinafika pa mjigo. Pamenepo anaima. Anati iwo za mizere sazidziwa, anangoona madontho. Ndikanena kuti bokosi likhale, akauza mlongo wawo kuti ndi la chipatala, ndipo likhala. Ndinaona kuti anadziwa kale chomwe ndinkalifunira.

Apongozi anali pabwalo akupeta mtedza, atafulatira nyumba yathu. Ndinawauza amalume kuti andibwereke makwerero. Anandigwirira okha. Nditachotsa waya wa batire, kanyali kanapitiriza kuyaka kwa kamphindi, monga zimachitira, kenako kanazima. Pa laputopu, bokosi la kusukulu ndi la kuchipatala anapitiriza kufunsa lathu ngati lilipo. Anafunsa kangapo, motalikitsa nthawi, mpaka analeka. Chimenecho ndi chomwe kafukufuku wanga ankafuna kuyeza, ndipo ndinachilemba momwe chinachitikira.

Ndisanakwere minibasi ndinawauza amalume zoona zake zonse: mkuyu umaphuka, ndipo tsiku lina kampatako kadzatsekeka. Anati likadzafika tsikulo ndidzabwere ndi bokosi langa, tidzalikhome pachigafa chawo, osati panyumba ija.

Tsopano ndimakhala m'tauni, ndipo netiwekiyo ndimaiona ndili kuofesi. Dzinja lililonse mphamvu ya mzere uja imatsika pang'ono, m'chilimwe n'kukwera, koma siyibwerera pomwe inali. Ndimaiyang'ana ndikangofika pantchito, ndisanavule jekete. Mpaka lero mauthenga akudutsabe, ndipo kumudziko sindinapitekonso.